Mbatatesi za a Lenadi

Linali Lolemba loyamba la Novembala, 7 koloko m'mawa, pamene ndinagogoda koyamba pakhomo la a Lenadi ku Smethwick. Sanatsegule. Ndinatenga kiyi m'kabokosi ka pakhoma monga anandiuzira ku ofesi, n'kulowa. Ndinawapeza ataimirira m'khitchini, msana atautsamiritsa pa chitseko cha firiji, manja ali kumbuyo. Anayang'ana yunifolomu yanga, kenako chiphaso cholendewera m'khosi mwanga, kenako foni imene inali m'dzanja langa.

"Mulibe kanthu muno," anatero m'Chingerezi. "Munatenga kale zonse."

Anali nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi anayi. Ine ndinali ndi theka la ola loti ndiwasambitse, ndiwapatse mankhwala, ndiwadyetse, ndilembe, ndithamangire basi.

Ku England ndinabwera ndili kale ndi imvi. Sitolo ya mbewu ndi feteleza imene ndinkagwirako ku Lilongwe itatsekedwa, msuweni wa mkazi wanga, namwino pa chipatala chachikulu cha ku Edgbaston, anandiuza za ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Kuno timangoti ntchito ya keya. Ndisananyamuke ndinapita ku Kasungu kukatsanzikana ndi atsibweni anga, a Jailosi, mlongo wa malemu amayi. Anandigwira dzanja osandiyang'ana.

"A Boma akupita kukalemba azungu tsopano," anauza ana amene anali pabwalo.

Onse anaseka. Nanenso ndinaseka. Dzina limenelo ndakhala nalo zaka zoposa makumi atatu.

Tinkakhala amuna anayi pamwamba pa shopu ya nyama ku Cape Hill. Amene ndinkagwirizana naye kwambiri anali Mwale wa ku Chipata, munthu wa nthabwala, nayenso wa keya. Sitinkaonana kwenikweni. Ndinkadziwa kuti wabwera ndikaona nsapato zake zonyowa pamasitepe. Tsiku lililonse ndinkalowa m'makomo khumi kapena kuposerapo. Ukalowa udina foni, ukatuluka udinanso, ndipo ku ofesi amaona ngati wachedwa. Viza yanga inali yomangidwa pa kampaniyo: ntchito ikatha, kukhala kuno kwathanso. Miyendo inazolowera kuthamanga moti ngakhale Lamulungu ku tchalitchi ku Sparkhill, ulaliki uli m'kati, ndinkangosuzumira wotchi ngati pali basi imene ikundisiya.

Chaka chachiwiri ndinapita kwathu pa tchuthi. Ana anali atatalika, ndipo ankandiyankha mwaulemu ngati mlendo. Mkazi wanga anali ataphunzira kukonza yekha pampu ya madzi. Ku Kasungu atsibweni maso anali atayamba kuchita khungu. Ndinawapatsa jekete lochindikala, analipapasa, n'kunena kuti, "Zikomo, a Boma." Ndinakhala nawo masana onse. Tinakamba za mvula.

Nditabwerako m'pamene anandipatsa a Lenadi.

Pa ntchito yathu pali lamulo la firiji. Umatsegula, umayang'ana madeti, chimene chapitirira umakataya m'bini kunja, ndipo umalemba zimene zatsala kuti achibale adziwe zogula. Ndinkachita zimenezi m'mawa uliwonse, a Lenadi ataima pambali. Ndikawaikira chakudya patebulo ndinkapita kukayala bedi. Pobwera ndinkapeza mbale ili mbee. Ndinkalemba kuti adya zonse.

Koma thalauza linayamba kuwakhwepa. Ndinaboola bowo lina pa lamba wawo, patapita milungu ingapo linanso. Mwana wawo, mayi Suzani, amene ankakhala ku Coventry, anawatengera ku chipatala kukawayeza. Madokotala sanapeze nthenda ina kupatula kuiwala kwa ukalamba kumene ankakudziwa kale. Mayi Suzani anandiuza pakhomo, kiyi wa galimoto ali m'manja:

"Akapitiriza kuonda chonchi, ndiwapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Nyumbayi tigulitse. Sindingathe kumagona ndi mantha tsiku lililonse."

Chakudyacho ndinachipeza mwangozi. Tsiku lina ndikuwafunira chipewa, ndinapisa m'thumba la chikhoti ndipo ndinakhudza soseji yozizira yokulungidwa m'nyuzipepala. Kuseri kwa wotchi yapakhoma kunali mazira awiri. Kumapeto kwa kamunda kawo ka kuseri kwa nyumba kunali kashedi kosungiramo zida, ndipo m'menemo, pansi pa masaka akale, munali buledi wa nkhungu, tchizi, nyama ya nkhumba. Ndinataya zonse, n'kulemba. M'mawa mwake sanandilole kuwakhudza. Anandilavulira pa nsapato.

"Ndi misala ya ukalamba, mudala," anatero Mwale nditamufotokozera. "Ine wanga wa ku Bearwood amanditcha dzina la galu wake amene anafa. Ndimangovomera. Logani pa foni, pitani. Manje mukufuna mulire naye?"

Mu Januwale, tsiku lina foni yanga inazima ndili pa basi. Kunkazizira kwambiri, choncho ndinali nditatseka jekete mpaka m'khosi, yunifolomu ndi chiphaso zili m'kati. Kabokosi ka kiyi kanali katauma ndi chisanu, ndiye ndinazungulira kukagogoda khomo la kumbuyo. A Lenadi anatsegula okha.

"Lowa msanga, mnansi," ananong'ona. "Wawaona pamsewu?"

"Ndani?"

"A Komiti."

Ndinati sindinaone munthu. Anandikhazika pampando, chinthu chimene sanachitepo, ndipo analankhula kwa nthawi yaitali. Nkhani yawo inali yoduka-duka, koma masiku otsatira ndinailumikiza.

Anabadwira pa famu yaing'ono ku Worcestershire. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, zombo zobweretsa chakudya zinkamizidwa panyanja, ndipo boma linaika makomiti oyang'anira ulimi m'madera onse. Komiti ndiyo inkanena choti ulime ndi poti ulime. Inkawerenga nkhumba ndi nkhuku. Kupha nkhumba yako yomwe kunkafuna chilolezo. A Lenadi sankatsutsa kuti anthu a m'matauni anafunika kudya.

"Koma dambo lija linali la ng'ombe kuyambira nthawi ya agogo," anatero. "Mtsinje umasefukira m'menemo chaka ndi chaka. Kunabwera munthu pa njinga yamoto, buku lili m'khwapa. Akuti, galauzani dambo, bzalani mbatatesi. Bambo akuti, ziola. Akuti, bzalani. Zinaola. Anabweranso kudzalemba kuti bambo ndi mlimi wolephera."

Anasisita tebulo ndi chikhatho.

"Anatichotsa tirigu ali m'munda. Kunatsala milungu itatu kuti timwete. Anamweta ena. Bambo anabwera kuno kudzasungunula zitsulo m'fakitale, ndipo sanakhudzenso dothi mpaka imfa."

Ndinafunsa ngati munthu wa bukuyo anali wochokera ku London.

"London? Tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi! Tsiku lotichotsa sanadzutse mutu ngakhale kamodzi. Ankangolemba."

Tsiku limenelo basi ndinaikwera mochedwa, ndipo sindinakhale pansi ngakhale mipando inalipo.

Nditamaliza Folomu 4 ndinalembedwa ntchito yothandiza mlangizi wa zaulimi kwathu ku Kasungu. Nthawi imeneyo mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale. Ameneyo anali wa maesiteti okha. Wakumudzi ankalima chikopa, n'kukagulitsa ku msika wa boma basi, pa mtengo umene boma lanena. Atsibweni, amene anandilera ndi kundiphunzitsa sukulu bambo atamwalira, anali ndi nazale ya bale yobisika kuseri kwa bango ku dimba. Ndinkaidziwa chifukwa ndinawathandizapo kuthirira.

Nditagwira ntchito miyezi itatu, mlangizi anandifunsa ngati ndikudziwa aliyense wolima bale mobisa. Anati munthu wokhulupirika amakwezedwa msanga. Ndinanena.

Tinapita ndi amesenjala awiri. Iwo ankazula mbande n'kumaziponya m'madzi, ine nditagwira buku. Fomu inali ndi mizere yake, ndipo mzere woyamba unali wa dzina. Ndinafunsa munthu amene anandilera, maso ali papepala:

"Dzina lanu ndani?"

Kenako ndinamva mawu awo, odekha.

"Lembani, a Boma. Jailosi."

Sipanapite zaka zambiri lamulolo linasintha. Lero mudzi wonse ndi zigafa za bale. Ine sindinakwezedwe. Za nazaleyo sitinakambepo.

Ndinazindikira tsopano chimene a Lenadi ankaona m'mawa uliwonse: munthu wa chiphaso akulowa ndi kiyi wake, akutsegula mosungira chakudya, akuwerenga, akulemba, akutuluka ndi nyama. Sikuti ankakana kudya. Ankapulumutsa chakudya kwa ife.

Ndinasintha kagwiridwe ka ntchito. Foni ndinkadinira pa geti n'kuiika m'thumba. Chiphaso m'kati mwa jekete. Ndinkalowera kumbuyo, n'kugogoda. Iwo anali atandiuza kuti kwawo uthenga ukafika wakuti a Komiti ali pa famu yoyandikana nayo, amayi awo ankaphika chilichonse chosalembedwa m'buku, banja lonse n'kudya zitseko zili zotseka. Ndiye ndinkangofunsa:

"Nanga mazira aja, tiwasiye adzawapeze?"

"Asayerekeze! Tseka katani. Ika poto pamoto."

Lamulo silitilola kudya chakudya cha amene tikuwasamalira, choncho ndinkabwera ndi buledi wanga m'thumba. Tinkadya moyang'anizana, mofulumira, katani ili yotseka. Zoola ndinkazichotsa m'shedi iwo ali kubafa. Zolemba zonse ndinkalembera pa siteji ya basi, zala zitauma ndi kuzizira. Ku ofesi anandiitana kamodzi kudzandifunsa chifukwa chake malipoti anga a nyumba imeneyo ankafika mochedwa. Ndinafotokoza. Bwana wathu, mayi wotopa amene foni yake sinkasiya kulira, anati, "Bola akudya. Koma chilichonse chachilendo ulembe, wamva? Ukabisa kanthu ndiwe wekha."

Lamba anabwerera pa bowo lakale.

Mu Epulo anandionetsa mbatatesi zimene zinamera m'kabasiketi pansi pa sinki. Anati nthawi yakwana. Loweruka lina, shifiti yanga itatha masana, ndinapempha chilolezo kwa mayi Suzani n'kupita kukalima kamunda kaja. Khasu kunalibe, ndinagwiritsa fosholo. Ndinaunda mizere monga timachitira kwathu, italiitali, yonenepa. A Lenadi anali pampando, bulangete pamiyendo.

"Ukuika maliro kapena ukubzala?" anakuwa. "Mizere yotani imeneyo?"

"Ya kwathu, bambo. Madzi sakhalamo."

"Madzi sakhalamo," anabwereza. "Ukanakhalapo pa dambo lija."

Anabzala okha mzere woyamba, ine nditawagwira m'chiuno. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse, tisanadye, ankafuna kuona munda. Masamba atatuluka ankawalankhula.

Mu Juni kunagwa mvula usiku wonse. Nditafika 7 koloko, khomo la kumbuyo linali lotsegula, bedi lopanda munthu. Ndinawapeza m'shedi, atakhala pa masaka, atavala zogonera zokha, foloko yokumbira ili pamiyendo. Mapazi anali oyera ngati pepala, ozizira ngati mwala. Anati anamva njinga yamoto pamsewu ndipo anabwera kudzalondera.

Ndinawalowetsa m'nyumba, ndinawafunditsa, ndinawapatsa tiyi. Pang'ono ndi pang'ono magazi anabwerera. Palibe amene anaona. Ndinatuluka pakhonde n'kumuimbira Mwale.

"Ndikalemba, awachotsa," ndinatero.

"Mukapanda kulemba, tsiku lina mudzawapeza atauma m'kashedi komweko. Ndiye mudzati chiyani? Viza yapita, mdalayo wapita. Mudala, inu si wachibale wake."

"Mbatatesi zangoyamba maluwa."

"Mbatatesi! Za ku shopu zatha? Logani lipoti, iwe!"

Mwale sankanama. Ndinayenda uku ndi uku pakhondepo, foni ikundiuza kuti nthawi yanga yatha, mayi wina akundidikira ku Oldbury. Kulemba ndinayenera kulemba, ndinkadziwa. Chimene sindikanatha ndi kukalembera pa siteji ya basi, mutu uli pansi.

Ndinalowanso. Ndinatsegula jekete, ndinatulutsa chiphaso, ndinaika foni patebulo pakati pathu. Ndinakoka mpando n'kuwayang'ana m'maso.

"A Lenadi, ine ndine wolemba uja. Lero ndilemba kuti ndakupezani kunja, mwazizidwa. Akawerenga, mwina adzakuchotsani m'nyumba muno."

Anayang'ana chiphasocho nthawi yaitali.

"Ndinadziwa kale," anatero. "Umayang'ana wotchi kwambiri. Palibe mlimi wotero."

Ndinawauza za atsibweni ndi nazale ija. Sindidziwa ngati anamva zonse. Anali akuyang'ana pawindo, kumunda. Nditamaliza anakankhira foni kwa ine ndi chala.

"Lemba. Koma ulembenso kuti sizinakhwime."

Ndinalemba pomwepo, ndikuwawerengera mokweza. Malo a lipoti ndi a mawu ochepa, monga "wadya, wamwa mankhwala," koma amalola kupitiriza. Ndinalemba za shedi ndi mapazi ozizira. Ndinalemba za dambo, za munthu wa njinga yamoto, za tirigu amene anamweta ena. Pomaliza ndinalemba kuti mbatatesi sizinakhwime. Ndinaimbira ambulansi kuti adzawaone, ndinaimbira ku ofesi kuti atumize wina ku Oldbury.

Msonkhano unachitika patapita masiku anayi, pabalaza pawo. Panali mayi Suzani, mayi wina wa ku ofesi yoona za okalamba ali ndi kompyuta pamiyendo, ndi ine. A Lenadi anakana kulowa. Anakhala pampando wawo kumunda, atatifulatira.

Mayi Suzani maso anali ofiira.

"Lipoti lanu ndaliwerenga katatu," anandiuza. "Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndipo sindinamvepo za famu imeneyi. Ankangoti agogo anabwera kudzafuna ntchito."

Mayi wa kompyuta anatembenukira kwa ine. "Inu mumawaona tsiku lililonse. Angathe kumagona okha m'nyumba muno?"

"Ayi," ndinatero.

Analemba. Ndinamva kulira kwa mabatani.

"Koma musawachotse mbewu ili m'munda."

"Mbewu yanji?"

Ndinaloza pawindo. Mizere isanu, masamba obiriwira, maluwa oyera.

"Zikhwima liti?"

"Milungu isanu ndi umodzi. Mwina isanu ndi iwiri."

Mayi wa kompyutayo anati akumvetsa, koma sangalole kuti a Lenadi agone okha ngakhale usiku umodzi, ndipo malo amene apezeka kunyumba ya okalamba sangadikire kwamuyaya.

Mayi Suzani anaimirira n'kupita pawindo. Anayang'ana msana wa bambo awo.

"Chipinda changa chakale chikadali ndi bedi," anatero. "Ndizigona kuno. Afunseni asunge malowo mpaka Ogasiti."

Tinakumba sabata yoyamba ya Ogasiti, Lachinayi m'mawa, dzuwa likuwala. Masamba anali atafota. A Lenadi analowetsa okha foloko pa phando loyamba, ine ndinawathandiza kutembenuza. Mbatatesi zinatuluka zoyera, zolimba, palibe yoola. Anatola imodzi, anaipukuta pa malaya, anainunkhiza. Mayi Suzani ankatolera m'ndowa atagwada m'dothi, thalauza lawo la ku ofesi litada m'mawondo, bambo awo akuwakalipira kuti akusiya zing'onozing'ono.

Titamaliza anadzaza kathumba n'kundipanikizira pachifuwa.

"Ubise m'jekete. Asaone."

Sitiloledwa kulandira mphatso popanda kunena, choncho ndinalemba m'foni kuti ndapatsidwa mbatatesi, mayi Suzani akuona. Kenako ndinazibisa m'jekete monga anandiuzira.

Galimoto yopita kunyumba ya okalamba inanyamuka 3 koloko masana. Ndinali nditapempha kuti ndikhalepo. Ndinkaopa kuti a Lenadi agwira chitseko, akuwa. Anaima pa geti, chipewa kumutu, n'kufunsa mwana wawo:

"M'munda mwatsala kanthu?"

"Mulibe, bambo. Mwakolola zonse."

"Chabwino. Tiyeni."

Sanacheuke.

Madzulo Mwale anakazinga zina mwa mbatatesizo, akundiseka kuti ndagwira ntchito miyezi isanu ndi inayi kuti ndilipidwe tchipisi. Ndinadya pang'ono. Ndinkangoyendayenda m'chipinda.

M'mawa mwake ndinafika pa siteji ya basi ku Cape Hill nthawi isanakwane. Ndinaimbira mwana wa atsibweni ku Kasungu, ndinamupempha awapatsire foni. Ndinamva mapazi, nkhuku, chitseko, kenako kupuma kwa munthu wokalamba.

"Ndani? A Boma?"

"Ndine, atsibweni. Ndikufuna tikambe za nazale ija."

Ndinaganiza kuti foni yaduka. Basi yanga inatulukira pakona, inaima, chitseko chinatseguka. Dalaivala anandiyang'ana.

"Wachedwatu, mphwanga," anatero atsibweni. "Dikira ndikhale pansi. Eya, kamba."

Ndinamuuza dalaivala ndi dzanja kuti azipita. Ndinakhala pa benchi, n'kuyamba.